Panda wa mu Tekken: wopanda zambiri, koma anapanda dziko lonse

Dzinali limamveka ngati analitcha ndi Mchewa. Kupanda ndi kusowa kanthu, kupandanso ndi kukuntha munthu mpaka atapepesa. Anthu a ku Japan amene anapanga gemu ya Tekken sankadziwa zimenezi, iwo ankangotchula nyama ija ya ku China, ya mawanga akuda ndi oyera, yodya nsungwi. Koma matanthauzo awiriwa akumukhala Panda ngati malaya osokedwa ndi telala womudziwa. Mu Tekken 7 iye ndi mmodzi mwa omenya opanda zida zambiri zimene anzake ali nazo. Komabe mu Disembala 2018, ku Amsterdam, pa mpikisano wotsekera chaka wa Tekken World Tour, mnyamata wa ku South Korea wodziwika ndi dzina loti Rangchu anatenga Panda yemweyu n'kupanda naye madolo a dziko lonse. Womaliza kugwa anali Qudans, amene anatenga chikho chomwecho mu 2017, ndipo ankasewera ndi Devil Jin, amene aliyense ankavomereza kuti ali m'gulu la pamwamba.

Chichokereni tsiku limenelo pali mawu amene amangobwerabwera mukamakambirana za magemu a ndewu: "Tier list ndi bodza, Rangchu anawina ndi Panda." Tier list ndi mndandanda umene osewera amapanga, kusanja omenya a mu gemu kuyambira amphamvu kutsika mpaka ofooka. Mawu aja amakoma m'khutu, makamaka kwa ife amene timakonda nkhani za kalulu wogonjetsa njovu. Ine ndikuwakana. Panda anali wofooka Rangchu asanawine, anali wofooka pa tsikulo, ndipo anatsala wofooka chikho chitapita ku Korea. Ukanena kuti kufookako kunalibe, wamulanda Rangchu theka la ntchito imene anagwira.

Mwina wina akuti, nanga zamagemuzi zalowa bwanji pamene tinazolowera kukamba za mabuku? Yankho langa ndi lalifupi. Mpangankhani wa mu gemu ya ndewu amalembedwa kawiri. Koyamba amalembedwa m'nkhani: kwawo ndi kuti, akufuna chiyani, akudana ndi ndani. Kachiwiri amalembedwa m'manambala: nkhonya yake imafika pati, imatuluka mwachangu bwanji, thupi lake limatenga malo aakulu bwanji. Kulemba kwachiwiriku n'kumene kumanena zoona, monga momwe m'buku timadziwira munthu ndi zochita zake osati ndi zimene mlembi watilonjeza za iye.

Kulemba koyamba kwa Panda sikuchedwetsa. Anayamba kuoneka mu Tekken 3, ya 1997, ngati chovala china cha Kuma, chimbalangondo cha Heihachi Mishima. Ndi wamkazi, chiweto komanso mlonda wa mtsikana uja Ling Xiaoyu. Kuma amamufuna, iye samuyang'ana n'komwe. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Pamene a banja la Mishima akuponyana m'maphompho ndi m'mapiri a moto, bambo kuponya mwana, mwana kudzaponya bambo, zimbalangondozi anaziikamo kuti tipumeko ndi kuseka. Ndi munthu wa nthabwala pamaliro. Palibe amene anamulemba kuti adzakhale mfumu.

Kuti timvetse kulemba kwachiwiri tiyenera kuona kaye mmene Tekken imayendera ikafika kwa akatswiri, chifukwa n'zosiyana ndi zija zongosindikiza mabatani a miyendo ndi Eddy Gordo mpaka mnzako ataponya padi. Mabatani omenyera ndi anayi: 1 ndi dzanja lamanzere, 2 lamanja, 3 mwendo wamanzere, 4 wamanja. Kumenya kuli pa misinkhu itatu. Kwa m'mwamba ungathe kukutchinga kapena kunjuta kuti kukudutse pamutu. Kwa pakati kumapweteka wonjuta. Kwa m'munsi kumapweteka woimirira. Gemu imayenda mafuremu 60 pa sekondi imodzi, ndipo chilichonse chimawerengedwa ndi mafuremu amenewa. Kankhonya kachangu ka omenya ambiri kamatuluka pa mafuremu 10. Ukaponya chinthu mnzako n'kuchitchinga, ndipo iwe n'kutsala m'mbuyo ndi mafuremu 10, walandira mbama yaulere. Ukatsala ndi 15, akukweza m'mwamba ndi chimene amati launcher, n'kukusewera m'malere ngati mpira wachikulunga, ndipo kombo imodzi yotere imadya gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wako, pena kuposa apo ngati pali khoma pafupi.

Koma mtima wa Tekken si manja ayi, ndi mapazi. Gemuyi imakulola kuzinda chammbali, chimene amati sidestep, komanso kubwerera m'mbuyo mofulumira ndi luso lija linatchuka ndi osewera a ku Korea mpaka analitcha Korean backdash. Akatswiri awiri akakumana, nthawi yambiri amakhala akuvina, kulowa pang'ono, kutuluka, kuzungulira, aliyense akufuna mnzake amenye mphepo. Womenya mphepo amakhala poyera kwa kanthawi, ndipo kanthawi kameneko ndi kamene kamagula raundi.

Apa ndi pamene Panda amalira. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo kwa iye si mutu wokha, ndi thupi lonse. Ndi wotambalala, moti akazinda chammbali phewa kapena mimba imatsalira panjira. Zinthu zimene Lili kapena Alisa amazidutsa ngati akuyenda pamsewu, Panda zimamupeza. Taganizirani za Kazuya. Aliyense amene wakhalitsa mu Tekken anaphunzitsidwa kuti mankhwala a Kazuya ndi kuyendera kumanzere, chifukwa zida zake ziwiri zoopsa, ndale yake yam'munsi ija ndi chida chapakati chimene amasinthanitsa nayo, sizitsatira bwino mbali imeneyo. Limeneli ndi yankho limene gemu inapereka kwa onse. Panda analandira yankho lomwelo koma lothothoka masamba. Nthawi zambiri iye amayenera kuima n'kulosera: kodi chikubwerachi ndi cham'munsi kapena chapakati? Kulosera ndi juga, ndipo pa mpikisano wa masiku awiri juga imadzakudya ndithu. Kubwerera kwake m'mbuyo nakonso n'kwaufupi, ndiye sangadzigulire malo opumira mwachangu ngati anzake.

Vuto lachiwiri ndi la thupi lomwelo likakhala m'malere. Chifukwa ndi lalikulu, pali makombo ena amene amagwira pa zimbalangondo ndi pa ziphona zina zokha, osagwira pa anthu wamba. Pakhoma ndiye zimanyanya, nkhonya zimene zikanaphonya munthu wochepa thupi zimapeza pogwera. Tinene kuti Panda ndi Devil Jin alakwitsa chinthu chofanana. Amene alipire zambiri ndi Panda. Kulakwa kwake kuli ndi chiwongoladzanja.

Lachitatu ndi miyendo. Ndi yaifupi ngati ya mpando wa ndalema, kotero mateche ake safika patali. Mu gemu imene theka la mabatani ndi la miyendo, uku n'kulowa m'munda ndi khasu lopanda mpini wokwanira. Onjezerani apo kuti zida zake zambiri zolemera zimamusiya poyera zikatchingidwa, ndipo zingapo zimangopita molunjika, osatsata munthu wozinda. Mwachidule, iye sangazinde bwino za anzake, koma anzake angazinde bwino zake. Chilungamo chake chili pati pamenepa?

Komabe ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Panda ali nazo nyimbo zingapo zimene amaimba bwino kwambiri.

Yoyamba ndi mikono. Zimene anamumana m'miyendo anamubwezera m'manja. Kankhonya kake kachangu kamafika pamene munthu akuganiza kuti watalikira mokwanira, ndipo launcher yake yodziwika, ija ya kupendeketsa pansi chakutsogolo ndi 2 kenako 1, imatola munthu ali patali ndithu. Izi zikutanthauza kuti ngakhale sangavine kuti akuphonyetse, ukaphonya wekha pa mtunda umene kwa ena ndi wotetezeka, iye amakufikira. Alinso ndi nkhonya zitatu zotsatizana za dzanja lamanzere zimene zikakupeza uli mkati moponya chako, zimakukweza m'mwamba. Chida chimenechi chimachititsa munthu kuganiza kawiri asanamuthire mvula ya timankhonya, ndipo kukayikira kwa theka la sekondi n'kumene Panda amapumirapo. Akakugwira, kombo yake imapweteka bwino lomwe.

Yachiwiri ndi kukwawa. Panda angathe kugwa ndi miyendo inayi, kaimidwe kotchedwa Hunting, n'kukhala nyama yeniyeni. Akatero zam'mwamba zonse zimamudutsa pamsana. Kumbukirani kuti chida chonyadira cha banja la Mishima, Electric Wind God Fist, chibakera cha mphenzi chija chimene chimakweza munthu chikagunda koma n'kusiyabe mwini wake ali patsogolo chikatchingidwa, ndi cham'mwamba. Kwa nyama yokwawa, mphenziyo imang'anima kumwamba basi. Kuchokera pansi pomwepo iye ali ndi zam'munsi ndi zapakati zoti akusokoneze nazo. Mtengo wake ndi woti ali chokwawa sadziteteza monga achitira ali chiimire, ndiye munthu wodziwa amangomuponyera chapakati chofika pansi, nkhani n'kutha. Ndi chida chabwino kwa wochigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, ndi manda kwa wochikonda.

Yachitatu ndi imene imandisangalatsa kuposa zonse, chifukwa ndi chilema chomwe chija chitatembenuzidwa. Thupi la Panda silinapangidwe ngati la munthu. Mimba ili kutsogolo, timiyendo tili kumbuyo. Choncho ndale zina zimene zikanakola mwendo wa munthu woima pa mtunda womwewo zimangosesa fumbi. Makombo enanso amene wosewera anawaloweza pa matupi a anthu amagwa pakati, chifukwa chimbalangondo chimayandama mwa mtundu wina. Thupi lomwe limamulipiritsa zambiri pakhoma ndi lomwenso limabera mdani zinthu zimene ankaziona ngati zake kale. Wosewera amene manja ake anazolowera kuchita zinthu osafunsa mutu amapezeka kuti waphonya chimene sanaphonyepo, ndipo mikono italiitali ija ikumudikira.

Pamenepa pakutulukira mphamvu ina imene sinalembedwe m'manambala: umbuli wa adani. Tekken 7 inafika pokhala ndi omenya oposa 50, aliyense ndi zida zake zochuluka, ambiri kupitirira 100. Palibe munthu angaloweze zonse mofanana. Katswiri amathera maola ake pa amene akudziwa kuti akumana nawo kawirikawiri, a Devil Jin, a Dragunov, a Kazumi, a Jack. Chimbalangondo amachisiyira mawa. Ndiye akakumana nacho pa siteji, m'mutu amadziwa kuti chakutichakuti chimalangidwa, koma zala zimachedwa ndi mafuremu atatu, ndipo mafuremu atatu mu Tekken ndi ulendo wa pansi wochoka ku Nsanje kukafika ku Chitipa.

Anthu ena amaima pomwepa n'kunena kuti Rangchu anawina chifukwa anzake sankamudziwa Panda. Ichinso sindichivomera chonse. Qudans ndi wa ku South Korea komweko, dziko limene akatswiri ake amasewera okhaokha usiku ndi usana. Kuganiza kuti munthu wotero anaona chimbalangondo koyamba ku Amsterdam n'kumunyoza. Ndiponso ndime yomaliza ya mpikisano sikhala ya gemu imodzi, amawina ndi amene wayamba kutenga magemu atatu, nthawi yokwanira kuti dolo aone chinyengo n'kuchipezera mankhwala. Umbuli ungakuwinitse m'magulu oyambirira. Sungakunyamule mpaka pachikho. Komanso ndi chuma chimene chimatha ukamachidya: ukawina nacho kamodzi pamaso pa dziko lonse, mawa aliyense ali mu practice mode akuphunzira chimbalangondo.

Chimene chinatsala, umbuli utachotsedwa, ndi munthu amene anavomera malire a chida chake. Rangchu sasewera Panda ngati nthabwala. Amatchinga kwambiri, amadekha, amatola pang'onopang'ono ndi timankhonya ndi tindale tating'ono, n'kudikira kuti mnzake atope ndi kudikira. Poti sangadalire kuzinda, amayenera kudziwa zida za mdani kuposa mmene mdaniyo akudziwira zake: chiti chinjutidwe, chiti chilangidwe ndi mafuremu angati, munthu uyu akapanikizika amakonda kuponya chiyani. Wosewera Devil Jin akalakwitsa kuwerenga mnzake, gemu imamupatsa njira ina yothawira. Wosewera Panda akalakwitsa, palibe khomo lakumbuyo. Ndiye kuti pa mlingo womwewo wa kupambana, wa Panda wawerenga molondola kambirimbiri kuposa mnzake. Ichi n'chimene tier list imanena kwenikweni. Sinena kuti uyu sangawine. Imanena kuti uyu akafuna kuwina alipira zingati.

Ngati mukufuna umboni woti akatswiri eni ake sanakhulupirire kuti Panda ndi wamphamvu, onani kumene anathamangira. Chikho cha 2018 chitapita, sitinaone mipikisano itadzaza ndi zimbalangondo. Koma Leroy Smith atatulutsidwa mu Disembala 2019, ali ndi zida zochita chilichonse popanda chilango chenicheni, pa Evo Japan ya Januwale 2020 anthu 6 mwa 8 omaliza ankasewera Leroy, ndipo Book wa ku Thailand anawina naye. Mphamvu yeniyeni imaoneka choncho: anthu amene chakudya chawo chili pa kuwina amasiya amene amawakonda n'kukakwera basi imodzi. Kwa Panda palibe anakwera. Ngakhale Rangchu mwini wake ankasunga ena m'thumba, monga Julia, pa masiku amene chimbalangondo chikanangopita kukaphedwa. (Ndipo poti tatchula za chakudya: mphoto yake ya ku Amsterdam inali madola 7,500 okha, ndalama imene anthu ambiri okonda Tekken anaidandaula kuti ikuchepera munthu wopambana dziko lonse.)

Tsono mlandu wanga ndi Bandai Namco uli pawiri, ndipo mbali ziwirizi zimakokana. Mbali yoyamba ndi yowayamikira. Panda ndi mpangankhani amene nkhani yake ndi manambala ake zimagwirizana. Ukamuona ndi maso, chinthu chonenepa cha timiyendo tatifupi ndi mikono ya mphamvu, wadziwa kale mmene amenyere ndi mmene amenyedwere. Palibe bodza. Yerekezani ndi omenya ena owonda ngati bango koma oponya nkhonya yogwetsa nyumba, amene thupi lawo silikuuza chilichonse. Kufooka kwa Panda kuli ndi chifukwa chooneka, ndipo n'chifukwa chake kuwina naye kumakoma kuonera ngakhale kwa munthu wosadziwa furemu n'chiyani. Gemu ya ndewu imene aliyense ali ndi yankho la funso lililonse imasanduka ya anthu ofanana ovala zosiyana.

Mbali yachiwiri ndi ulesi. Mu Tekken 7 Kuma ndi Panda anapatsidwa malo awiri pa sikirini yosankhira, koma zida zawo n'zofanana pafupifupi zonse, kusiyana kwake kuli pa tinthu tochepa monga Rage Art, chida chachikulu chija chimene umapatsidwa moyo ukatsala pang'ono. Zaka 20 zinadutsa kuchokera mu Tekken 3, Panda akadali Kuma wopakidwa laimu. Mayi uyu amakhala ndi Xiaoyu, mtsikana amene kamenyedwe kake konse ndi kozinda, kopindika, kolowa pansi pa nkhonya. Kodi sakanatengerako kanthu kwa mbuye wakeyo, kuti Kuma akhale wa mphamvu za Heihachi, Panda akhale wa machenjera? Nkhani inali itapereka kale njira, olemba manambala sanaitsate. Munthu amene amakana Kuma m'nkhani amamenya ndendende ngati Kuma m'bwalo, ndipo apa kulemba kuwiri kuja kumasemphana.

Tekken 8, imene inatuluka mu Januwale 2024, inayesako kuwalekanitsa, makamaka kudzera mu Heat, mphamvu ya kanthawi imene wosewera amayatsa kamodzi pa raundi. Kuma anapatsidwa zake, mpaka nsomba yomenyera anthu ndi chibakera cha mphenzi cha mbuye wake, Panda anapatsidwanso zake. Gemu yatsopanoyi imakondera wolowa ndi ukali kuposa wovina chobwerera, ndipo zimenezi zinachepetsako msonkho umene zimbalangondo zinkalipira chifukwa cha mapazi olemera. Mu Disembala 2024, ku Tokyo, Rangchu anatenganso chikho cha Tekken World Tour atagonjetsa Atif Butt wa ku Pakistan. Ulendo uno anamaliza ndi Kuma. Pakati pa zikho zake ziwirizi panadutsa Chikurin, Atif yemweyo ndi Arslan Ash, ndipo palibe mwa iwo anafika pamenepo atakwera chimbalangondo.

Ndewu ya Rangchu ndi Qudans ija ili pa YouTube, ndipo bandulo yanu ikalola ndi yoyenera kuionera yonse osati tizidutswa ta makombo tokha. Poonera, siyani kaye kuyang'ana manja. Yang'anani mtunda umene uli pakati pa awiriwo, ndi pamene Panda waima: kunja pang'ono kwa pofika ndale ya Devil Jin, mkati pang'ono mwa pofika mkono wake. Kampata kameneko n'kakang'ono kwambiri, mwina phazi limodzi la chimbalangondo, ndipo muwerenge kuti ndi kangati pa raundi imodzi pamene akubwereramo osaponya kanthu.